Yamaha NS-SW100 m'nyumba ya malata ku Dedza: zimene ndaona pa miyezi isanu ndi itatu

Ntchito yanga ndi ya ukalipentala. Shedi yanga ili kuno ku Dedza boma, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikukhoma mipando, makabati, zitseko komanso mabokosi a masipika a anyamata oimbitsa pa maukwati. Ndiye chinthu chilichonse cha thabwa chikafika m'manja mwanga ndimayamba ndachigogoda ndi zala. Sabuufa iyi nditaitulutsa m'katoni ndinachitanso zomwezo, ndisanaisomeke n'komwe kumagetsi. Ndinagogoda pamwamba, m'mbali ndi kumbuyo. Inayankha kuti du, liwu lalifupi lotsekeka, osati khwa khwa wa bokosi lopyapyala. Nditainyamula ndinamva kuti makilogalamu 12 amene analemba aja ndi oona. Mtima unayamba kukhala m'malo kuyambira pamenepo, chifukwa bokosi la besi likakhala lopepuka ngati dengu, limayamba kuimba lokha nyimbo yake pamwamba pa nyimbo imene mwaika.

Ndiyambe ndalongosola mawu, poti kuno tikati sabuufa ambiri timatanthauza chiwailesi chonse chija chokhala ndi bokosi limodzi lalikulu, timasipika tiwiri, polowetsa memori khadi ndi magetsi othwanima kutsogolo. Imene ndikunena pano si imeneyo. Ili ndi bokosi limodzi lokha, lopanda wailesi, lopanda Bluetooth, lopanda rimoti. Ntchito yake ndi imodzi: kutulutsa mawu apansi okhaokha, aja mumawamva m'chifuwa lole yodzaza mbatata ikamakwera mtunda pa M1. Ili ndi ampu yakeyake m'kati, koma mawu imalandira kudzera pa waya umodzi kuchokera ku risiva ya hom'fiyeta, chipangizo chimene chimalandira mawu a filimu n'kuwagawira masipika onse. Pa dzina loti 5.1, masipika asanu ndiwo 5, ndipo bokosi ili ndiye .1 uja. Mukaigula mulibe risiva yokhala ndi potulukira polembedwa kuti Subwoofer, mwagula mpando wokhalapo basi.

Ine risiva ndinali nayo kale, yakaunjika, imene ndinagula kwa munthu wina amene ankasamuka, pamodzi ndi masipika asanu ang'onoang'ono ndi kasabuufa ka mainchesi 6 ndi theka. Kasabuufako kanatitumikira zaka zitatu. Pa nyimbo zofatsa kankayesetsa, koma pa filimu, chinthu chikaphulika, kankangoti phwa phwa ngati munthu akukupiza chikatoni. Ndipo besi iliyonse inkamveka ngati noti imodzi. Woimba gitala ya besi akatsika kapena kukwera, kwa ife zinali zofanana: gu, gu, gu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuno kumazizira zoti munthu sutuluka madzulo, tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 ndipo mphepo imatsika m'phiri molunjika, ndiye banja lonse timasonkhana pabalaza titafunda mabulangete n'kumaonera filimu. Ndi nthawi imeneyo pamene kuchepa kwa kabokosi kaja kunkandivutitsa mtima.

Ulendo woyamba wofuna ina ndinapita ku Lilongwe, makilomita 85 kuchokera kuno. Ndinalowa m'mashopu angapo a zamagetsi. Mu ina, mnyamata wogulitsa anandionetsa chibokosi chonyezimira cholembedwa 5000W PMPO ndi zilembo zazikulu ngati dzanja langa.

"Bwana, iyi mukayatsa, a neba onse adziwa kuti mwafika," anatero.

"Achimwene, tatembenuzani ndione kumbuyo," ndinamupempha.

Kumbuyo, pa kapepala kakang'ono pafupi ndi polowera chingwe cha magetsi, panalembedwa kuti chimadya mawati 60. Apa ndi pamene anthu ambiri timaluzira ndalama. Chipangizo sichingatulutse mosalekeza mphamvu yoposa imene chikukoka kukhoma. Chokoka 60 sichingapereke 5000, ngati mmene ndowa ya malita 20 singathirire dimba lonse. PMPO ndi nambala yokopera ogula, yopanda muyeso umene makampani onse anagwirizana. Nambala yofunika kuifunsa ndi ya RMS, mphamvu imene ampu ingapereke kwa nthawi yaitali osatopa. Ndinachigogodanso chibokosicho ndipo chinalira ngati chitini. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mnyamatayo sindikumuimba mlandu, anauzidwa kuti azinena zomwezo, koma ndinabwerako chimanjamanja.

Ndipo ngakhale mawati enieniwo sachita zimene timaganiza. Mukachulukitsa mphamvu kawiri, phokoso limangokwera ndi madesibelo atatu (desibelo ndi muyeso wa kukwera kwa phokoso), kusintha kumene khutu limakumva koma kosadabwitsa. Kuti mumve ngati phokoso lawirikiza kawiri pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. Chimene chimapanga besi ndi mpweya umene sipika ikukankha, ndiye kukula kwa nkhope ya sipika ndi kutalika kwa mmene imayendera kutsogolo ndi kumbuyo n'zofunika kuposa nambala ya pa katoni. Sipika ya mainchesi 10 ili ndi nkhope yoposa kawiri ya mainchesi 6 ndi theka. Ya mainchesi 12 imaposa ya mainchesi 8 kawiri ndi kachidutswa. Masamu ake ndi omwe aja a kukula kwa bwalo amene tinaphunzira kupulaimale.

Nditabwerako ndinalingalira zokhoma ndekha. Matabwa ndili nawo, guluu ndili naye, ndipo masipika a m'galimoto a mainchesi 12 amapezeka. Ambiri kuno amachita zimenezo: sipika ya m'galimoto, ampu ya m'galimoto, batire la 12V, basi nyumba yonse ndindindi. Pa ukwati kapena pa shopu yobena nyimbo zimagwira ntchito. Koma ndakhoma mabokosi otere okwanira kuti ndidziwe kuti timangoyerekeza. Mwini sipika amabwera n'kunena kuti ndikhomereni lalikulu, boolani dzenje kutsogolo, ine n'kukhoma. Chonsecho bokosi la besi lili ndi masamu ake. Katswiri wa ku Australia dzina lake Neville Thiele analemba za masamuwa mu 1961, ndipo Richard Small anawapititsa patsogolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Sipika iliyonse ili ndi manambala ake amene amanena kuti bokosi likhale la malita angati, ndipo dzenje la mpweya likhale lotakata ndi lalitali bwanji. Masipika ambiri amene timagula pamsika amabwera opanda pepala la manambalawo. Ukalakwitsa dzenje, bokosi limakweza noti imodzi n'kumeza zina zonse, vuto lomwe lija ndinkathawa. Ndinaona kuti pa hom'fiyeta ndibwino ndigule bokosi limene anthu analiyeza kale.

Mlamu wanga amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo amabwera pa Khirisimasi. Tinakambirana pa WhatsApp kwa masabata angapo, iye akujambula zimene akuona m'mashopu, ine ndikufunsa za kumbuyo kwa bokosi. Ubwino wogula ku South Africa ndi woti magetsi awo ndi ofanana ndi athu, 230V pa 50Hz. Izi musazione mopepuka. Mnzanga wina analandira sabuufa yabwino kuchokera kwa m'bale wake wa ku America, kumene magetsi ndi 120V, anangosintha pulagi n'kusomeka. Inatulutsa utsi asanamve ngakhale noti imodzi. Yanga inangofunika kusintha pulagi kuti ikhale ya mano atatu aphanthiphanthi ngati athu, yokhala ndi fyuzi m'kati. Mtengo sinditchula chifukwa kwacha yathu sikhazikika, mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndiye nambala ya lero mawa ndi bodza. Ndingoti pamodzi ndi ndalama yonyamulira pa basi, inandidyera phindu la makabati awiri akuluakulu a pabalaza.

Zimene zili pa NS-SW100 ndi zochepa. Sipika ya masentimita 25, omwe ndi mainchesi 10, yoyang'ana kutsogolo. Ampu ya mawati 50, imene pa kanthawi kochepa imatha kufika 100. Dzenje la mpweya lili m'mbali, ndipo ndi lopotoka ngati chingwe chopota, a Yamaha amalitcha Twisted Flare Port. Poyamba ndinkayesa ndi zokongoletsa, koma nditaika dzanja pamenepo besi ikugunda ndinamva mpweya ukutuluka mosalala, popanda kuwomba mluzu kapena kupuma fuu fuu ngati mabokosi amene ndimakhoma ndi paipi ya pulasitiki. Kumbuyo kuli polowetsa waya pamodzi, batani loyatsira ndi chopotokola cha voliyumu. Basi. Palibe chosinthira malire a besi (pamene masipika ena amalekezera n'kusiyira sabuufa), palibe chosinthira phase (chogwirizanitsa nthawi imene sabuufa ndi masipika ena akukankhira mpweya). Zonsezo imasiyira risiva. Kwa ine zinali bwino chifukwa risiva yanga ili nazo m'menyu, koma amene muli ndi ampu wamba ya masipika awiri, fufuzani mtundu wina wokhala ndi zopotokola zimenezi kumbuyo komanso polowetsa mawaya a masipika.

Usiku woyamba sindinasangalale, ndinene zoona. Ndinaiika pakona pafupi ndi TV, pamene panali kakale kaja, n'kukweza voliyumu mpaka theka. Besi inalipo yambiri koma yonenepa, yosalongosoka, ndipo nyumba yonse inayamba kulira. Magalasi a mawindo nje nje nje, mbale za m'kabati nazo zawo, siling'i ikunjenjemera pamwamba pa mutu. Chodabwitsa, mwana wanga wamkazi amene anakhala pa mpando wa kukhoma ankati besi yachuluka mpaka ikumupweteka m'makutu, pamene ine pa sofa wa pakati ndinkamva ngati yachepa. Mayi a kunyumba anangondiyang'ana n'kufunsa mofatsa kuti, "Bambo, makabati awiri aja ndi amenewa?" Funso limenelo ndinagona nalo.

M'mawa mwake ndinakhala pansi ndi pensulo ya kushedi ndi tepi yoyezera, ndipo apa ndi pamene ndinamvetsa chinthu chimene ndikufuna aliyense wogula sabuufa achidziwe: theka la zimene mudzamve si bokosi, ndi chipinda chanu. Mawu amayenda mu mpweya pa liwiro la mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Noti ya 40Hz (kutanthauza kuti mpweya ukugwedezeka ka 40 pa sekondi), imene ili pafupi ndi chingwe chotsikitsitsa cha gitala ya besi ya zingwe zinayi, funde lake limodzi ndi lalitali mamita 8 ndi theka. Pabalaza pathu ndi pa mamita 5 m'litali ndi 4 m'lifupi. Fundelo silikwana m'chipinda, limagunda khoma n'kubwerera n'kukumana ndi linzake. Pena amaphatikizana, besi n'kuchuluka, pena amafafanizana, besi n'kusowa. Mukagawa 340 ndi kutalika kwa chipinda kowirikiza kawiri mumapeza noti imene chipindacho chimaikonda: kwa ine 34Hz m'litali ndi pafupifupi 43Hz m'lifupi. Manoti amenewa amakhala amphamvu kwambiri m'mphepete mwa makoma, ndipo pakati penipeni pa chipinda amazimirira. Mwana anali kukhoma, ine ndinali pakati. Tonse tinkanena zoona. Makoma athu a njerwa zootcha ndi pansi pa simenti sizimeza besi ngakhale pang'ono, zimaibweza yonse.

Njira yopezera malo abwino ndi yosafuna ndalama, imangofuna mawondo. Ndinanyamula sabuufa n'kuiika pa sofa, pamalo penipeni pamene ndimakhala, ndi waya wautali wobwereka. Ndinaika nyimbo ya rege imene besi yake imayenda kukwera ndi kutsika, n'kuiuza kuti izingobwereza. Kenako ndinagwada n'kuyamba kukwawa m'mphepete mwa makoma, mutu uli pafupi ndi pansi, kumvetsera. Mfundo yake ndi yoti pamene khutu lamva bwino sabuufa ili pa mpando, sabuufa ikaikidwa pamenepo khutu lidzamva bwino lili pa mpando. Pakona ya TV besi inali chiphokoso chimodzi. Pansi pa windo inasoweratu. Kuseri kwa chitseko cha kukhitchini inali yamphamvu koma noti ziwiri zinkadumpha kuposa zinzake. Ndinazungulira katatu. Pa khoma la kutsogolo, pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchokera pakona, ndinamva kwa nthawi yoyamba noti iliyonse payokhapayokha, zisanu zonse zimene woimbayo ankagunda, zofanana mphamvu. Ndinaika chizindikiro ndi choko. Pamenepo panali kashelefu ka mabuku a nyimbo za kutchalitchi, ndinapempha chilolezo kwa eni ake n'kukasuntha. Sofa nayenso ndinamubweza m'mbuyo ndi masentimita 60 kuti achoke pakati penipeni, koma osafika kukhoma. Ndinasiya mpata wa chikhatho chimodzi ndi theka kumbali kumene kuli dzenje la mpweya kuti lizipuma.

Kenako inali nkhondo ya zonjenjemera, ndipo imeneyi inanditengera Loweruka lathunthu. Mwana wanga anapeza pa YouTube kanema wa mawu oyesera amene amayamba pa 20Hz n'kumakwera pang'onopang'ono, nambala ikuoneka pa sikirini. Iye anagwira foni, ine ndikuyendayenda ndi hamala, misomali ndi malegeni a chubu cha njinga. Chinthu chilichonse m'nyumba chili ndi noti yake imene chimadzukira. Cha m'ma 45Hz inayamba siling'i, bolodi limodzi la pakati limene misomali yake inali italekana ndi thabwa. Ndinakwera pa tebulo n'kulikhoma ndi masikuluwu anayi, linakhala chete. Titadutsa 50 anayamba magalasi a windo la kumsewu. Ndinadula tizidutswa ta legeni n'kulowetsa pakati pa galasi ndi chitsulo chogwirira, galasi lililonse mbali zonse ziwiri. Cha m'ma 60 zinali mbale ndi matambula a m'kabati, ndipo mayi a kunyumba anayala nsalu pa shelefu iliyonse n'kutalikitsa matambula kuti asagundane. Chotsiriza chinandizunza: kaphokoso kakang'ono kochokera kudenga, ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo. Ndinakwera pamwamba masana dzuwa lili pamutu n'kupeza msomali umodzi wa malata utatukuka, kachipewa kake kakuvina pa lata. Ndinauzula n'kukhoma wina wokhala ndi kamphira. Anthu ambiri amene amati sabuufa yawo ikulira moipa, ndikukhulupirira kuti chimene akumva ndi nyumba yawo.

Pa risiva ndinasintha zinthu zitatu. Masipika onse asanu ndinawaika pa Small, kuti besi yonse yozama izipita ku sabuufa m'malo moti timasipika tating'ono tizivutika nayo. Malire ndinayamba ndi 80Hz, muyeso umene a THX, kampani ya ku America yoika miyeso ya mawu a filimu, anaukhazikitsa ndipo marisiva ambiri amayambira pamenepo. Chifukwa chake n'choti pansi pa 80Hz khutu limavutika kuloza kumene mawu akuchokera, ndiye bokosi likhoza kukhala pambali koma inu n'kumamva ngati besi ikuchokera pa TV. Koma masipika anga ndi aang'ono, safika bwino pa 80, ndipo mawu a amuna a mawu aakulu ankamveka opyapyala. Nditakweza kufika pa 100Hz vutolo linatha. Pa 120 ndinayamba kumva kuti mawu ena akuchokera pansi kumanzere, ndiye ndinabwerera pa 100. Chachitatu ndi mtunda. Popeza bokosili lilibe batani la phase, ndinagwiritsa ntchito nambala ya mtunda wa sabuufa m'menyu, imene imachedwetsa kapena kufulumizitsa mawu. Tepi inati mamita 3.2, koma nditayesa kuwonjezera pang'onopang'ono, pa 3.8 ndi pamene ng'oma ya phazi inagunda molimba kwambiri, kusonyeza kuti sabuufa ndi masipika akutsogolo akukankha mpweya nthawi imodzi. Voliyumu ya kumbuyo inathera pansi pa theka. Poyamba dzanja limafuna kukweza, koma ndinapeza kuti ikafika poti mukuizindikira nthawi zonse, ndiye kuti yapitirira.

Tsopano mmene ikumvekera. Pa filimu zokhala ndi Dolby Digital 5.1 ndi pamene imaonetsa ntchito yake, chifukwa filimu zotere zili ndi njira yapadera ya mawu apansi yotchedwa LFE, imene imafika mpaka 120Hz ndipo imaseweredwa mokwera ndi madesibelo 10 kuposa njira zina. Bingu likagunda m'filimu limayamba patali, n'kumabwera, n'kudutsa pansi pa sofa. Chitseko cha chitsulo chikatsekedwa mumamva kulemera kwake. Chimene sindinayembekezere n'choti mawu a anthu olankhula anayamba kumveka bwino kuposa kale, chifukwa risiva ndi masipika aang'ono zinapepukidwa katundu wa besi. Amayi anga, amene amakhala nafe ndipo makutu ayamba kuwavuta, anati tsopano akumva zimene azungu a m'filimu akunena ngakhale sakuzimvetsa. Tsiku lina m'filimu munagwa nyumba, iwo anagwira mkono wa mpando n'kunena kuti, "Mwana wanga, chimenechi chandikumbutsa chivomezi cha ku Salima chija." Amanena cha mu 1989, chimene chinagwedeza dera lonse lino la pakati. Ndinatsitsa pang'ono, koma iwo anati ndisiye momwemo.

Pa nyimbo ndi pamene ndimaikondera kwambiri. Makwaya okhala ndi kiyibodi, rege, nyimbo zathu za magitala, zonse zapeza msana. Noti za besi zimayamba ndi kutha pa nthawi yake, sizikoka mchira. Pa mpira palibe chachikulu, phokoso la ochemerera limangonenepa pang'ono, ndipo amene mukufuna sabuufa chifukwa cha mpira wokha sungani ndalama zanu. Ndinayesanso kanema wa gule amene ndinajambula ndi foni kumudzi kwathu cha ku Linthipe, ndikuyembekezera kumva mpanje ukugunda m'mimba ngati mmene umachitira uli pabwalo. Sizinatheke. Mbalule inamveka bwino, koma kulemera kwa ng'oma yaikulu kunalibe, chifukwa kamaikolofoni ka foni sikanakutole pojambula. Sabuufa siingabweze chimene sichinalowe. N'chimodzimodzi ndi nyimbo zobenedwa pa memori khadi zimene zinafinyidwa ndi kukwezedwa mpaka kusweka: bokosi labwino limangoonetsa poyera kusweka kwakeko.

Pa pepala analemba kuti imatsika mpaka 25Hz. M'chipinda changa, ndi mawu oyesera aja, imakhala yamphamvu mpaka cha m'ma 35, pa 30 imamvekabe koma yafooka, ndipo pa 25 mumangoona sipika ikuyenda ndi kumva kampweya. Kwa bokosi la msinkhu uwu ndi mawati 50, zimenezi n'zoyenera, ndipo nyimbo zambiri sizitsika kuposa pamenepo. Pa mabokosi a besi pali zinthu zitatu zimene sizikhalira limodzi: kuchepa kwa bokosi, kuzama kwa besi, ndi kusadya mphamvu yambiri. Mumasankhapo ziwiri. Amene akufuna kumva mpaka 20Hz, pamene pamathera khutu la munthu, ayang'ane zinthu ngati PB-1000 ya kampani ya SVS ya ku America, imene ili ndi ampu ya mawati 300 ndi bokosi lalikulu kwambiri kuposa ili, ndipo mtengo wake ndi wowirikiza kangapo. Pabalaza pa mamita 5 ndi 4, pansi pa malata, sindikudziona ndikuifuna. Misomali ya denga ingayambirenso.

Za magetsi ndinenepo, poti kuno ndi nkhani. Magetsi akazima n'kubwera, nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira, ndipo ampu ya m'kati mwa sabuufa ikapsa kupeza woikonza n'kovuta. Ndinagula kachipangizo koteteza, kofanana ndi kaja timaika pa filiji, kamene kamadikira kaye magetsi akhazikike kasanalole kuti adutse. TV, risiva, dikoda ndi sabuufa zonse zili pa ekisitenshoni imodzi kuseri kwa kachipangizoko. Kuziika pamodzi kunathetsanso kaphokoso ka mmm kamene kanayamba nditasomeka sabuufa pa soketi ya khoma lina, kaphokoso ka 50Hz ka magetsi omwewo kamene kamalowa zipangizo zikakhala pa masoketi osiyana. Tili ndi sola yaing'ono yowunikira, ndipo nditayesa pa inveta yathu yotsika mtengo, ya mtundu wa modified sine wave, sabuufa inayamba kung'ung'udza ngakhale popanda nyimbo. Ndinazimitsa msanga. Kwa mnzanga amene ali ndi inveta ya pure sine wave inakhala chete ngati ili pa magetsi a kukhoma. Amene mumadalira sola yang'anani inveta yanu musanagule. Ndipo tikamagona ndimaizimitsa ndi batani la kumbuyo, chakhala chizolowezi ngati kukhoma chitseko.

Besi imadutsa khoma mosavuta kuposa mawu ena onse, ndipo nyumba yathu ndi ya a neba zatalikirana mamita anayi okha. Sabata yoyamba ndinapita ndekha kukagogoda, ndinawapeza bambo a pamenepo akutsuka njinga yamoto.

"Achimwene, usiku zikumakusokonezani za kwathuzi?"

"Nyimbo sitimva ayi," anatero, "koma pamakhala kugunda kwina ngati munthu akusinja patali. Mwana amadzuka nako."

Ndinawathokoza chifukwa chondiuza mosabisa. Kuyambira tsiku limenelo ikakwana 9 koloko ndimatsitsa sabuufa ndi madesibelo 6 pa risiva n'kuyatsa Night mode, imene imachepetsa kusiyana kwa mawu okwera ndi otsika. Ndinadulanso thabwa lokhuthala la paini, n'kumata mphira wa tayala pansi pake, n'kukhazikapo bokosilo kuti lisagunde simenti mwachindunji. Nditawafunsanso patapita sabata anati mwana akugona.

Nyengo ya mvula inabweretsa chinthu china chimene sindinachiganizire. Mvula ikamagwa pa malata, ngakhale pali siling'i, mawu a anthu a m'filimu amamira, koma besi imatsala ili chiimire, ndiye mumamva kugunda kokhakokha popanda nkhani. Mankhwala ake si sabuufa, ndi kukweza sipika yapakati ndi madesibelo atatu kapena anayi mpaka mvula itakata. Mwana wanga anaphunzira kuchita zimenezi yekha pa rimoti.

Kwa munthu amene ali ndi risiva ya 5.1, pabalaza pa msinkhu ngati pathu, ndipo watopa ndi kasabuufa kobwera ndi masipika, NS-SW100 ndingamuuze kuti agule, bola akhale wokonzeka kugwada pansi ndi kukwera padenga. Kwa wa shopu ya mavidiyo, wa bala kapena woimbitsa panja, si yake, mawati 50 pabwalo amangouluka ndi mphepo. Pa miyezi isanu ndi itatu sinatenthepo mopitirira, sinasinthe mawu, ndipo fumbi ndimangolipukuta ndi kansalu kouma.

Mlamu wanga anaimba sabata yatha kufunsa ngati abweretse yachiwiri pa Khirisimasi ikubwerayi. Sabuufa ziwiri zoikidwa malo osiyana zimathandiza kuti besi ifanane pa mipando yonse, ndipo mpando wa kukhoma uja mpaka pano umalandira yochuluka kuposa sofa. Ndamuuza kuti adikire kaye ndione mmene maoda a mipando ya sukulu ayendere chaka chino. Pakadali pano mpandowo ndausuntha kuchoka kukhoma ndi masentimita 40, ndipo amayi, amene ndi mpando wawo masiku ano, aubwezera kukhoma kawiri konse. Akuti pamenepo ndi pamene bingu limamveka bwino.